Zaka zoyamba za udokotala pa Zoom: chinayenda nchiyani, chinatayika nchiyani?

Mphunzitsi wa Anatomy:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo nde ndati ndiyiponye pano poti tilipo osiyanasiyana, aphunzitsi, ophunzira, ena munamaliza kale muli kuwodi. Kusukulu kwathu atipempha tilembe pulani yoti mliri wina ukadzabwera tidzawaphunzitse bwanji ana a zaka zoyambirira zija, amene sanayambe kupita kuwodi. Mukukumbukira WHO italengeza pa 11 March 2020 kuti Covid-19 yafika pa mliri wa dziko lonse, sipanapite nthawi masukulu anayamba kutseka, ife tinangouzidwa kuti kuyambira sabata yamawa zonse zikhale pa intaneti. Palibe anatiphunzitsa, tinkadziwira pomwepo ana akutidikira. Pano ndikufuna ndilembe zoona zokhazokha osati zokometsera lipoti. Nde funso langa ndi lakuti pa zonse tinasamutsira pa Zoom ndi pa Moodle (tsamba loikapo maphunziro pa intaneti) zija, ndi ziti zinayendadi, nanga ndi ziti tinangodzilimbitsa mtima kuti zayenda pomwe sizinayende? Maganizo anga ndili nawo koma ndimve anu kaye.

Intern Watsopano:
Zikomo aphunzitsi poyambitsa nkhaniyi. Ine nthawi imeneyo ndinali chaka chachiwiri ndipo ndinena mosabisa, ma lecture ojambulidwa aja anandithandiza kuposa a mu holo. Mu holo mphunzitsi akadutsa pomwe sunamve ndiye kuti zapita basi, zokweza mkono pakati pa chigulu cha anthu sizophweka. Koma pa vidiyo ndinkatha kuyimitsa, kubweza m'mbuyo, kujambula papepala kenako nkupitiriza. Nkhani ya impso ija, mmene loop of Henle imathandizira kuti thupi lisunge madzi mkodzo nkutuluka wochepa, ndinaibwereza kanayi usiku umodzi mpaka inalowa, ndipo mpaka lero sinachoke m'mutu. Biochemistry chimodzimodzi. Nde ma lecture wo azijambulidwa basi, kaya kuli mliri kaya kulibe.

Wa Foni Yokha:
Achimwene inu munali ndi laputopu yanuyanu komanso wifi, muzinena zonse. Ine ndinabwerera kunyumba komwe laputopu inali imodzi tikulimbirana anthu atatu, mng'ono wanga nayenso anali ndi makalasi ake, nde ine ndinkadalira foni. Netiweki inkagwira bwino pakona imodzi yokha kuseri kwa nyumba, ndinkakhala pamenepo pakampando foni ili m'manja, dzuwa likawomba pa sikirini sukuonanso kanthu. Tangoganizani slide ya chiwindi pa kasikirini ka foni, mphunzitsi akuti taonani portal triad apa, iwe ukukulitsa ndi zala ziwiri chithunzi chikubwera mabokosimabokosi, ukamati chayera iye wapita kale pa ndulu. Ndipo Zoom ya vidiyo imadya bandulo koopsa. Ndinaphonya makalasi ambiri osati chifukwa cha ulesi ayi, koma pa register zinkaoneka ngati sindikufuna sukulu, zimenezi zinkandipweteka kwambiri. Anandipulumutsa ndi mphunzitsi mmodzi yemwe ankatumiza mawu okha ndi PDF, kafayilo kakang'ono, ndinkakoka usiku netiweki ikapepuka nkumamvera m'mawa. Mu pulani yanuyo aphunzitsi mulembemo kuti chilichonse cha live chizikhalanso ndi njira ina yopepuka.

Intern Watsopano:
Pepani achemwali, mwanena zoona. Ndinayankhula ngati tonse tinali pamalo amodzi.

Mphunzitsi wa Physiology:
Mwanangu wa foniwe, zimene wanenazi ife tinazizindikira mochedwa, ndipo zimandiwawa. Masabata oyambirira ine ndinangotenga lecture yanga ya ola lathunthu nkuyiyika pa Zoom mmene inalili, ndikuyankhula ndi timabokosi takuda tolembedwa mayina, makamera onse ozimitsa. Mu holo ndimaona nkhope, ndikaona mzere wa kumbuyo wachita tsinya ndimadziwa kuti action potential sinalowe, ndimabwereza mwanjira ina. Pa Zoom ukafunsa kuti tamvana, zii, kenako mmodzi nkulemba kuti yes madam basi. Ndinasintha nditaona mayeso oyamba. Ndinayamba kudula lecture m'timagawo ta mphindi 15, gawo lililonse mfundo imodzi, ana aonere paokha nthawi yomwe netiweki yawalola, kenako tikakumana live tizingothana ndi mafunso. Ndinkaponya funso la poll, mwachitsanzo potassium m'magazi akakwera kwambiri mtima uchita chiyani, ndikaona theka la kalasi lasankha molakwika ndadziwa poyambira. Imeneyi ndinaisunga mpaka pano. Koma ma practical aaa, amenewo anatayika ndithu. Kuyeza BP sungakuphunzire poonera. Mwana ayenera kumanga cuff pamkono pa mnzake, apope, atsitse pang'onopang'ono, amve ndi makutu ake pomwe kugunda kwa Korotkoff kwayambira ndi pomwe kwazimiririka, alakwitse kasanu kenako agwire. Spirometry nde sitikanayerekeza nkomwe, munthu kupemerera mwamphamvu mu chubu nthawi ya matenda oyenda mumpweya.

Dokotala wa Opaleshoni:
Ndilowererepo ine amene ndinawalandira anawa atafika kuwodi ndi ku theatre. Ndiyambe ndi kuwayamikira, pa mayina anali akuthwa kwambiri. Ukafunsa brachial plexus, gulu la ma nerve opita kumkono, akuuza bwinobwino, C5 mpaka T1, ma trunk atatu, ma division 6, ma cord atatu, osapunthwa. Koma tsiku lina titatsegula pamimba ndinauza mmodzi kuti tandisonyeza ureter, kanjira kochotsa mkodzo ku impso kupita kuchikhodzodzo, anaima chilili. Sikuti sankadziwa, pa app ya anatomy ankaipeza pompopompo chifukwa pamenepo ureter ili ndi mtundu wakewake, artery yofiira, vein yabuluu, nerve yachikasu. M'thupi la munthu mulibe mitundu imeneyo, zonse zakutidwa ndi mafuta ndi fascia, uyenera kudziwa pofunafuna komanso mmene chinthucho chimamvekera pa chala. Artery ukaifinya pang'ono imabwerera, vein imaphwa, nerve imakhala ngati chingwe chopanda mphako. Amene anagwirapo thupi mu dissection room chala chake chimakumbukira zimenezi. Ndipo ureter sinkhani yamasewera, kwa amayi imadutsa pansi pa uterine artery, pa opaleshoni yochotsa chiberekero ukasokoneza pamenepo wamuvulaza munthu. China, matupi safanana. Pa app aliyense akuona thupi limodzi lomwelo, koma mu labu tebulo ili artery yagawikana pamwamba, tebulo ilo yagawikana pansi, mwana amakula akudziwa kuti buku likunena za ambiri osati za onse.

Wokonda Zamakono:
A dokotala ndi ulemu wonse, koma ndikuona ngati tikuikweza kwambiri dissection. Peninsula Medical School ku England inatsegulidwa 2002 ndipo inayamba kuphunzitsa anatomy popanda matupi a anthu omwalira, ankagwiritsa ntchito anthu amoyo, ma model ndi zithunzi za scan, madokotala anatuluka ndithu. Komanso dokotala wamba tsiku ndi tsiku amaona thupi kudzera pa X-ray, CT, ultrasound, osati lotumbulidwa. Visible Human Project ya ku America inatulutsa zithunzi za thupi lonse lodulidwa mopingasa kuyambira 1994, zinthu ngati zimenezi zimakonzekeretsa munthu kuwerenga CT bwino kwambiri. Pa app ya Complete Anatomy ukhoza kuchotsa mnofu umodziumodzi nkuubwezeretsa, pa thupi lenileni ukadula wadula.

Dokotala wa Opaleshoni:
Mfundo yabwino, koma taonani bwino chitsanzo chanucho. Amene anasiya dissection aja sanawasiye ana pa sikirini okha, ankagwirana okhaokha, kupapasa mafupa, kujambula pakhungu pomwe padutsa chiwindi, kuyika probe ya ultrasound pakhosi pa mnzawo. Manja ankagwirabe ntchito. Mu 2020 zonse ziwiri zinachoka nthawi imodzi, thupi la womwalira kulibe, thupi la wamoyo kulibenso. Ine sindikulimbikira formalin ayi, ndikulimbikira manja.

Mphunzitsi wa Anatomy:
Apa nde mwandikhudza pomwe pamandiwawa. Ndinayesapo kuyika kamera mu labu ndekhandekha, nditavala mask, ndikusonyeza dzanja lomwe tinalikonza kale, ndikukoka tendon chala nkupinda kuti aone. Ankaona inde, ena ankalemba kuti zaoneka bwino. Koma pali tsiku loyamba lija, mwana akulowa mu dissection room, fungo la formalin, mankhwala osungira matupi aja, likumulasa m'maso, tikuvundukula nsalu, kalasi yonse ili chete. Timawauza kuti uyu anali munthu, anali ndi abale ake, ndi mphunzitsi wanu woyamba ndiponso wodwala wanu woyamba, muzimulemekeza. Ena amatuluka kaye panja kukapuma kenako nkubwerera. Tsiku limenelo mwana amasintha, ndaziona zaka zambiri. Gulu la 2020 linaphonya tsiku limenelo pa nthawi yake, ndipo pa kamera sitingathe nkomwe kusonyeza zonse chifukwa cha ulemu wa womwalirayo, vidiyo ikatuluka sudziwa ikathera kuti. Komanso m'mayiko ambiri ntchito yolandira matupi operekedwa inaima kaye poopa kachilombo, nde ngakhale masukulu atatsegula ena anapeza matupi ndi ochepa.

Wa mu Labu:
Ine ndine wokonza ma slide ndi kusamala ma maikulosikopu, ndiyankhuleko za mbali yathu. Histology, phunziro loona minofu ya thupi pa maikulosikopu, ndiyo inasamuka mosavuta kuposa zonse chifukwa ma virtual slide analipo kale mliri usanabwere. Slide imajambulidwa yonse ndi scanner, mwana amayendayenda pamenepo nkumakulitsa ngati mapu. Ubwino wake aliyense akuona malo omwewo, mphunzitsi akaloza glomerulus onse akuona glomerulus yemweyo, pomwe kale wina amatha ola lonse akuyang'ana kathovu ka mpweya akuganiza kuti ndi cell. Mitundu ya H&E, utoto womwe timapaka pa ma slide, imaonekanso bwino, ma nucleus abuluu mopita ku pepo, zinazo pinki. Koma atabwerera ndinapeza ambiri satha kuyika focus, ena kutsitsa lens ya 100x popanda mafuta, wina anaswa slide nayo. Gram stain, njira yopaka utoto posiyanitsa mabakiteriya, kuidziwa pamtima kuti crystal violet, iodine, decolouriser, safranin ndi zina, kuichita ndi zinanso, ukachedwa pang'ono pa decolouriser ma Gram positive ako atuluka ofiira nkunamiza dokotala. Kupaka magazi pa galasi kuti film ituluke yopyapyala bwino nako kumafuna dzanja lozolowera. Izi tinawabwezera m'masabata ochepa, sizovuta, bola nthawi yake ipatsidwe. Vuto ndi loti timetable itabwerera inali yothinana kale, aliyense akufuna maola ake.

Wa Foni Yokha:
Ma virtual slide wo ndi olemera bambo, pa foni yanga ankangozungulira osatseguka. Atatitumizira zithunzi wamba zolembedwa mivi mpamene ndinayamba kutsatira.

Wa mu Labu:
Eya zoona. Zithunzi zimenezo tinayamba kuzikonza anthu atadandaula, zikanayenera kukhalapo kuyambira tsiku loyamba.

Wachaka Chomaliza:
Palibe wanenapo za mayeso. Kunena chilungamo mayeso a pa intaneti aja anthu ankaonera, tisabisane. Osati onse koma zinkachitika, funso likatuluka lafika kale pa WhatsApp. Nde sukulu inabweretsa zoti kamera ikhale yoyatsa nthawi yonse, ukangoyang'ana kumbali akukayikira, netiweki ikaduka mtima uli phaphapha kuti mwina akuyesa wathawa dala. Mnzanga wina magetsi anazima pakati pa pepala, zinatenga masabata kuti amulole kulembanso. Osaonera ndi amene ankavutika kwambiri ndi malamulowo.

Mphunzitsi wa Physiology:
Ichi nchifukwa chake ine ndinasiya kulimbana ndi kulondera ana, ndinayamba kulimbana ndi mafunso anga. Imperial College London mu March 2020 inalembetsa a chaka chomaliza mayeso a pa intaneti mabuku ali otsegula, nzeru yake inali yoti funso likhale loti ngakhale utsegule buku yankho sulipeza litalembedwa, uyenera kuganiza. Ukafunsa kuti ma cranial nerve alipo angati, Google iyankha 12 nthawi yomweyo. Koma ukapereka munthu amene chikope chagwa, diso layang'ana pansi ndi kunja, pupil yakula, nkufunsa kuti vuto lili pa nerve iti ndipo nchifukwa chiyani pupil yakhudzidwa, apo mwana ayenera kulumikiza yekha. Kulemba mafunso otere kumadya nthawi kwambiri, funso limodzi labwino limatha kunditengera madzulo onse. Koma a zaka zoyamba pali zina zoyenera kungoloweza basi, nde ndimaonabe kuti mayeso akuluakulu otsekera chaka azilembedwa pamaso, ngakhale m'timagulu ting'onoting'ono motalikirana.

Kholo:
Ine si wa zachipatala, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mwana wanga, mundikhululukire ngati ndasochera. Ndimangofuna ndinene zomwe ndinaona kunyumba. Mwana wanga anali atangoyamba kumene chaka choyamba, anzake asanawadziwe bwino nkomwe. Ankadzitsekera kuchipinda kuyambira m'mawa mpaka usiku, akatuluka maso ali psuu, kudya osafuna. Tsiku lina ndinamupeza akulira, akuti mayi ndine ndekha amene sindikumva, anzanga onse zikuwayendera. Patapita miyezi atakumana ndi anzakewo anapeza kuti aliyense ankaganiza chimodzimodzi, aliyense kuchipinda kwake akudziona ngati mbuli. Akanakhala pamodzi akanadziwa tsiku lomwelo kuti phunzirolo ndi lovuta kwa onse. Aphunzitsi mukamalemba pulaniyo muwaganizirenso ana oyamba kumenewa.

Intern Watsopano:
Mayi mwanena chinthu chachikulu. Zambiri zomwe ndinaphunzira chaka choyamba sindinazimve kwa lecturer, ndinazimva kwa anzanga potuluka mu holo, wina akuti iwe pajatu amatanthauza chakuti, kapena wa chaka chachitatu akukuuza kuti buku ili lisiye werenga ili. Pa Zoom ukangodina leave uli wekha. Ife a chaka chachiwiri tinali ndi magulu athu kale nde tinangowasamutsira pa foni, tinkagawana ma card a mafunso a pa app ya Anki, kufunsana usiku uliwonse. A chaka choyamba analibe poyambira.

Mphunzitsi wa Physiology:
Ma tutorial a PBL (problem-based learning) ndi amene anagwirako ntchito imeneyi pang'ono. Njira ija inayambira ku McMaster ku Canada mu 1969, ana ochepa ndi tutor mmodzi kukambirana nkhani ya wodwala, inalowa bwino mu breakout room chifukwa anthu 8 amatha kuyatsa makamera nkumayankhulana, sungabisale ngati pa anthu 200. Ndinaona kuti tikasunga gulu lomwelo ndi tutor yemweyo kwa semesita yonse ana ankayamba kumasukirana, wina akasowa kawiri anzake ankamuimbira. Pomwe tinkasinthasintha magulu sizinkachitika. Mayi, mwana wanu ali bwanji pano?

Kholo:
Ali bwino zikomo, ali kuwodi tsopano ndipo akuikonda ntchitoyo. Tutor wake ndi amene anamuimbira foni nthawi ija, sindidzaiwala.

Dokotala Wopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ana anga, kugawa kumeneku koti zaka zoyamba mukalasi ndi mu labu kenako kuwodi kunalimba ndi lipoti la Abraham Flexner la 1910 ku America ndi Canada, ndipo Flexner yo chimene ankalimbikira ndi labu, mwana aphunzire pochita osati pongomvera. Nde tikamati zaka zoyamba nzosavuta kusamutsa poti ndi ma lecture okhaokha, tayiwala chomwe zinakhazikitsidwira. Mu 2020 maso a aliyense anali pa a kuwodi, AAMC, bungwe la masukulu a udokotala ku America, inalangiza pa 17 March kuti ophunzira ayambe asiya kukumana ndi odwala, Italy ndi Britain anafulumizitsa omaliza kuti akathandize m'zipatala, zonsezo zinali zoyenera. Koma a zaka zoyamba anangoti awa ali bwino ali pa Zoom. Ndipo sikanali koyamba, nthawi ya mliri wa SARS mu 2003 ku Toronto ndi ku Hong Kong maphunziro a udokotala anasokonekeranso, chenjezo linalipo. Ine pempho langa ndi limodzi, chilichonse chimene mwachidumpha chifukwa chofuna manja muzichilemba ngati ngongole, dzina la mwana ndi chimene sanachite, ndipo asalowe kuwodi ngongoleyo isanabwezedwe.

Wokonda Zamakono:
Apa ndagwirizana nanu bambo. Koma ngongole ina ikhoza kuchepa ali kunyumba komweko. Stethoscope, BP machine yapamanja, tendon hammer, izi mwana akhoza kupita nazo nkumayeza abale ake tutor akuonera pa kamera. Surface anatomy akhoza kupapasa pathupi pake, clavicle, ma rib, pulse ya pa dzanja ndi ya pa phazi. Sizifika pa labu koma manja sakhala chabe.

Wa Foni Yokha:
Bola zipangizozo sukulu ibwereke, osati aliyense agule yekha, apo ayi tibwereranso pa nkhani ya laputopu ija.

Mphunzitsi wa Anatomy:
Zikomo nonse, ndakopera zambiri. Nkhani ya ngongole ija a dokotala ndiyiyika patsamba loyamba. Chimene ndikufuna kukamenyera ku komiti ndi choti labu isadzatsekedwe limodzi ndi holo ngati ndi chinthu chimodzi. Holo ya anthu mazana itseke, palibe vuto, ma lecture apite pa vidiyo. Koma labu izitsegulidwa msanga malamulo a zaumoyo akangolola, ana azibwera m'timagulu, gulu lililonse tsiku lake, osasakanikirana, kuti wina akadwala tiyimitse gulu limodzi osati kalasi yonse. Vuto ndikuliona ndi la maola, phunziro limodzi ndiyenera kulibwereza kambirimbiri ndipo aphunzitsi ndife ochepa. Bambo a mu labu, inu mukuona kuti pa tsiku tingalowetse magulu angati mutapatsidwa nthawi yopukuta zipangizo pakati?

Wa mu Labu:
Kumbali ya maikulosikopu magulu atatu pa tsiku ndi zotheka, awiri m'mawa limodzi masana, bola pakati pazikhala theka la ola loti tipukute ma eyepiece ndi matebulo komanso mawindo akhale otsegula mpweya usinthe. Aliyense akhale ndi maikulosikopu yake tsiku limenelo, zosinthana ayi. Ku dissection room mpweya umayenda bwino kale poti chipindacho chinakonzedwa kuti chizitulutsa fungo la formalin, chofunika ndi kuchepetsa anthu pa tebulo, anayi m'malo mwa chigulu chija. Za kuchepa kwa aphunzitsi, funsani a chaka chachinayi ndi chachisanu, nthawi imene achotsedwa kuwodi amakhala alibe chochita ndipo amaphunzitsa bwino ang'ono awo.

Wachaka Chomaliza:
Ife tikanabwera ndithu akanatifunsa. Aphunzitsi mukamaliza draft yo muiponye pano tiione isanapite ku komiti, makamaka gawo la mayeso.

Mphunzitsi wa Anatomy:
Ndiponya Lachisanu. Achemwali a foni, gawo la mafayilo opepuka ndikutumizirani panokha kaye muliyese pa foni yanu ngati likutseguka.